Dzanja Losankha Ulusi

Namwino anaponya yunifomu yake patebulo lodulirapo nsalu asanapereke ndi moni womwe. Inali yoyera mbee, yosokedwa masabata atatu okha apitawo, koma msoko wa m'khwapa unali utatseguka kuchokera paphewa mpaka m'nthiti.

"Achemwali, ndimadzutsa wodwala pabedi, anthu atadzaza m'wodi," anatero namwinoyo. "Ndinangomva mphepo ikulowa. Tsiku lonse ndagwira ntchito mkono uli chopanira ngati ndaba kanthu."

Wosoka wake, mayi wa zaka makumi anayi amene msewu wonse unkamutcha Nasingano, anapepesa kawiri katatu n'kuitembenuza yunifomuyo. Nsalu inalibe vuto. Msoko unali wowongoka monga mwa masiku onse. Chimene chinagonja chinali ulusi. Anagwira kansonga kake ndi zala ziwiri, kukoka pang'ono chabe, ulusi n'kuduka osalira n'komwe. Chinali chovala chachitatu kubwezedwa mwezi umenewo. Masiku angapo m'mbuyomo kunabwera dalaivala wina thalauza litaphulika kumbuyo, atamanga juzi m'chiuno, ndipo zimene analankhula si zolemba pano.

"Kwagwanji m'katimo?" anafunsa munthu wina ali pakhonde.

"Palibe, Bambo. Akufuna tiwonjezere thumba."

Namwino anayang'ana Nasingano, n'kuyang'ananso msana wa mkulu amene anakhala pampando panjapo akuwothera dzuwa. Sanamvetse zonse, koma anamvetsa zokwanira. Anatsitsa mawu, nati adzabwera Lachisanu.

Mkuluyo anali bambo ake a Nasingano, amene aliyense ankangowatcha a Telala. Shopuyo anaitsegula ndi iwo mwana wawoyo asanabadwe, ndipo anthu ankachokera kutali kuwatsatira. Mbiri yawo inali imodzi: chovala cha a Telala nsalu imatha, msoko uli chilili. Zaka ziwiri zapitazo sitiroko inawagwetsa masanasana ali pamakina. Anadzuka ndithu. Kulankhula kunabwerera, kuyenda kunabwerera ndi ndodo, koma dzanja lamanja linabwerera theka. Sizasi inkawapulumuka, mwendo sunkathanso kupalasa makina, maso nawo anali atayamba chifunga. Ntchito zinachoka m'manja mwawo imodziimodzi, mwana wawo akuzitola mwakachetechete, mpaka inatsala imodzi yokha, yosankha ulusi.

Imeneyo ndiye sankalola munthu kuyandikira. Lachiwiri lililonse ankameta ndevu, kuvala jekete, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita kushopu ya zosokera kumapeto kwa msewu. Njira yawo inali yosasintha. Ulusi ankauyang'ana kaye powala, ndipo ukakhala ndi ubweya ankaubweza. Kenako ankaupititsa pakati pa zala kufuna timfundo. Pomaliza ankaukulunga kawiri kuzala za manja onse n'kukoka. Ankati ulusi wabwino uyenera kuyamba wakucheka chala usanaduke. Mpukutu umene wapambana mayeso onsewa ankaudontheza inki yofiira pamutu, ndipo m'makina a shopu yawo simunkalowa ulusi wopanda kadontho kameneko.

Kunena zoona, zizindikiro zinalipo kale, Nasingano ndiye sanafune kuziona. Kwa miyezi iwiri ulusi unkangodukaduka m'makina. Anasintha singano, anathira mafuta, anaitana makaniko amene anamasula zonse n'kubwezeretsa, n'kunena kuti makinawo ali ndi thanzi kuposa iye mwini. A Telala anati vuto ndi mwendo wa mwana wawo, umapalasa ngati mwini wake akuthawa galu. Nasingano anamvera, nachepetsa liwiro. Ulusi unasiya kuduka m'makina, n'kumakadukira pathupi la anthu.

Masana a tsiku limene namwino uja anabwera, bambo ake atapita kunyumba kukapuma, Nasingano anatsitsa mipukutu yonse ya kadontho kofiira imene inali pashelefu. Anaiyesa umodziumodzi monga anaphunzitsidwira. Ulusi woyera unaduka. Wakuda unaduka. Wabuluu unangothothoka ngati wa kangaude. Pamene ankafika kumpukutu womaliza n'kuti atadziwa kale chimene chinachitika. Bambo ake ankakoka monga kale, nkhope atakwinya, mano atalumanitsa, koma mphamvu imene ankaimva m'mutu sinkafikanso kuzala. Kwa dzanja limenelo ulusi uliwonse unali wolimba. Anakhala pansi pakati pa tizidutswa ta nsalu n'kulira, chifukwa ankawakonda bambo ake ndipo ankadziwa kuti ntchito imeneyi ndi imene inatsala.

Ataweruka anadzera kwa makolo ake. Anapeza mayi ake akusita kuseri kwa nyumba, a Telala ali m'chipinda akumvera wailesi. Anawafotokozera monong'ona, natulutsa mpukutu m'chikwama kuti awaonetse. Mayi ake sanauyang'ane n'komwe. Anapitiriza kusita kolala ya shati.

"Ukuganiza kuti ukundiuza zachilendo?" anatero. "Mabatani a shati iyi amamanga ndani? Botolo la mankhwala ndimalimasula pang'ono iwo asanadzuke, kuti akaligwira litseguke, aziti atsegula okha. Chaka chachiwiri chino."

Nasingano anati mabatani ndi nkhani ya m'nyumba, koma zovala zikung'ambikira anthu pagulu. Makasitomala ayamba kunong'onezana, ndipo mbiri imene ikuwonongeka ndi ya abambo omwewo. Mayi ake anaimika simbi, napukuta manja pansalu. Anati masiku ena onse a sabata mwamuna wawo amadzuka mokakamizidwa, amadya mokakamizidwa, nthawi zina amafunsa kuti Mulungu anawabwezeranji. Koma likafika Lachiwiri amadzuka okha, n'kumafunsa lezala.

"Ukawalanda ulusi, wawalanda Lachiwiri," anatero mayiwo. "Ndipo ukatero uzibwera m'mawa uliwonse kudzandithandiza kuwadzutsa, chifukwa ndekha sindidzatha. Uli ndi nzeru, mwana wanga. Peza njira ina."

M'mawa mwake Nasingano anapita kushopu ya zosokera ali ndi mkwiyo wokonzeratu. Mwini shopuyo, bambo wadazi amene ankamutcha Mabatani, atangomuona pakhomo anayamba kukanda dazi lake. Asanafunsidwe analoza katoni ina imene inali pafupi ndi zenera. Munali ulusi wa thonje wa mtundu umene a Telala ankaukhulupirira kuyambira unyamata wawo. Fakitale yake inatsekedwa kalekale. Wotsalawo unakhala m'katonimo zaka, chilimwe ukuwombedwa ndi dzuwa, dzinja ukumwa chinyezi, mpaka unafumbwa. Mabatani anati anautulutsa kuti akautaye, koma tsiku lomwelo a Telala anauona, nausekerera ngati akumana ndi mnzawo wakusukulu.

"Ndinawauza ine, achemwali. Ndinati, bwana, umenewo wagona. Iwo anaukulunga kuzala, kukoka mpaka thukuta pamphumi, n'kundionetsa kuti, waona? Ndiye ndikanatani? Ndiwalande n'kuudula pamaso pawo? Munthu amene anandiphunzitsa kugwira singano?"

Nasingano anafuna kumukalipira, koma anakumbukira bodza la thumba la namwino limene iye mwini anapeka dzulo lake, mkwiyo n'kumuthera m'kamwa. Anapempha kuti katoniyo ibisidwe. Mabatani anati anayesa kale zimenezo. Mkuluyo anaifunsa, anamutuma kukaitenga kuseri, nalamula kuti ulusi wonsewo usagulitsidwe kwa munthu wina aliyense. Nasingano anasankha yekha ulusi watsopano, wa nayiloni. Anauyang'ana powala, anaupititsa pakati pa zala, anaukoka mpaka unamusiyira mzere wofiira pachala. Aka kanali koyamba m'moyo wake kugula ulusi, ndipo anatuluka m'shopumo ngati wakuba.

Anaubisa m'kabati ya makina. Mipukutu ya bambo ake anaisiya pashelefu kuti izioneka, ndipo masiku angapo aliwonse ankachotsapo umodzi n'kuuponya m'thumba pansi pa tebulo kuti izioneka ngati ikutha. Yunifomu ya namwino anaiphwasula yonse n'kuisoka mwatsopano, osati m'khwapa mokha. Kwa makasitomala amene ankawakumbukira anatumiza uthenga wakuti abweretse zovala zawo aone ngati zikukhala bwino pathupi. Ena anabweretsa, ena anayankha kuti apeza kale telala wina.

Bodzalo linayenda bwino masabata atatu. Makina ankalira osaima, zovala zinasiya kubwerera. Lachiwiri a Telala ankapita kwa Mabatani n'kubwerako ndi kapepala ka mipukutu yawo yofumbwa, iliyonse ili ndi kadontho kake, n'kuipereka kwa mwana wawo ndi manja awiri. Aliyense wodutsa pakhonde ankauzidwa kuti ulusi wotere sakupanganso masiku ano, ndipo achinyamata a lero sadziwa kusiyanitsa ulusi ndi udzu. Nasingano ankavomera ali chiweramire pamakina. Kunyada kwa bambo akeko kunkamupweteka kuposa mwano wa dalaivala uja.

Koma anaiwala chinthu chimodzi. Sitiroko inawononga dzanja, ukalamba unawononga maso, koma makutu a mkuluyo anali bwinobwino.

Lachinayi lina m'mawa Nasingano anawoloka msewu kukapereka makatani kwa mayi wa saluni. Sanachedwe. Pobwera anapeza pakhonde palibe munthu, ndodo yatsamira chitseko. Bambo ake anali m'kati, atakhala pampando wa makina, pamene sanakhalepo zaka ziwiri. Kabati inali yotsegula. Thumba lija linali litakokedwa pansi pa tebulo, mipukutu ya kadontho kofiira itamwazika pansi. Patebulo panali mpukutu umene anauzula pamakina, wopanda kadontho.

"Tseka chitseko," anatero a Telala.

Nasingano anatseka. Mkuluyo sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anati makina amenewo awamvera zaka makumi anayi, ndipo ulusi wa thonje sulira choncho ukamadutsa. Anazindikira sabata yoyamba yomwe, koma ankadziuza kuti mwina makutu nawo ayamba kuwanamiza. Kenako anawerama movutikira, natola mpukutu umodzi wa kadontho kofiira, naupereka kwa mwana wawo.

"Koka."

Nasingano anaukulunga kuzala. Anakwinya nkhope, nanjenjemeretsa manja ngati munthu amene akulimbana ndi chinthu. Ulusi sunaduke.

"Wolimba, Bambo."

"Kukoka ulusi ndinakuphunzitsa ndine," anatero a Telala. "Zigongono zako sizinasunthe. Ndi pakamwa wandinamiza, ndakukhululukira. Usandinamizenso ndi manja."

Nasingano anakoka. Ulusi unaduka msanga, wosachita ndi phokoso lomwe. Bambo ake anamupatsa mpukutu wina, unadukanso. Anamupatsa wachitatu, umene anabwera nawo dzana lomwelo, inki yake ikadali yowala. Umenewonso unaduka. Ndiye mkuluyo anautenga, naukulunga kuzala zawo pang'onopang'ono, dzanja lamanzere likuthandiza lamanja. Anakoka. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, mapewa ananjenjemera, mpweya unkamveka m'shopu monse. Ulusi umene mwana wawo anaudula mosavutika unaima pakati pa manja awo uli gwa. Anayesanso kachiwiri. Kenako anatsitsa manjawo pamaondo, ulusi ukadali chikulungire.

Panja pankadutsa magalimoto, wina anagogoda n'kubwerera. Pambuyo pake a Telala anafunsa za ntchito, monga munthu wa ntchito. Anafuna kudziwa zovala zimene zinabwezedwa. Nasingano anati zisanu. Anafunsa zimene zinasokedwa ndi ulusi umenewo, iye nati sangathe kuzikumbukira zonse, zinali za miyezi iwiri yathunthu. Anafunsa za namwino uja, ngati thumba lija analiwonjezeradi. Nasingano anangopukusa mutu.

"Amayi ako akudziwa?"

"Akudziwa, Bambo."

"Mabatani?"

Nasingano anavomera kuti nayenso akudziwa. A Telala anagwedeza mutu. Anati ndiye kuti Lachiwiri lililonse akhala akudutsa msewu wonse ndi jekete, kupatsa anthu moni ngati munthu wopita kuntchito, pamene anthuwo akuwamvera chisoni. Anati manyazi a zovala zong'ambika angathe kuwasenza, poti telala aliyense amalakwitsa. Koma chisoni cha anthu chinali cholemera kwambiri.

Nasingano anagwada pafupi ndi mpandowo, nawamasula ulusi uja kuzala. Anati sizinathe. Azipita limodzi kwa Mabatani, iwo azisankha, iye azikoka. Analankhula mofulumira, akuwonjezera izi ndi izo, monga amachitira munthu amene akuona kuti mawu ake sakulowa. Bambo ake anamusiya amalize.

"Ubweya sindikuuona, timfundo sindikutimva, kukoka sindikutha," anatero. "Ndizikasankha ndi chiyani, mwana wanga? Ndi jekete?"

Anafuna kuseka, koma kusekako sikunatuluke bwino. Anapempha ndodo yawo. Nasingano anaganiza kuti akupita kunyumba, koma iwo anangotsika pakhonde n'kukaima m'mphepete mwa msewu, atatembenukira shopuyo. Pamwamba pa chitseko panali chikwangwani cha dzina lawo, chimene analembetsa tsiku limene anatsegula shopuyo. Penti yake inali itasuluka, koma dzinalo linkawerengeka. Analiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo achifungawo, kenako anamukodola mwana wawo.

Anamuuza kuti munthu aliyense wolowa pakhomo limenelo amayamba wawerenga dzina lija, ndipo amakhulupirira kuti chovala chake chidutsa m'manja mwa mwini dzinalo. Kale zinali zoona. Kenako zinatsala zoona pang'ono, pa ulusi pokha. Tsopano sizinalinso zoona, ndipo iwo sanafune kuti dzina lawo lizinamiza anthu iwo ali moyo. Anamuuza kuti aitane wolemba zikwangwani.

Nasingano anakana. Anati chikwangwanicho sichikulakwira munthu, ndipo iye sangasoke pansi pa dzina lina. Analira pamsewu pomwepo, mayi wa saluni akusuzumira. A Telala anangoti ngati iye sapita, apita okha, ngakhale ziwatengere tsiku lonse. Madzulo ake Nasingano anakadandaula kwa mayi ake, akuyembekeza kuti iwo ndiye awaletsa. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, nakhala pansi pakhomo la khitchini, manja ali pamiyendo. Sanamudzudzule. Anangoti munthu uja amamudziwa, akanena wanena.

Wolemba zikwangwani anabwera Loweruka m'mawa ndi makwerero ndi zitini ziwiri za penti. Anali munthu wa nthabwala, ndipo anayamba kufunsa ngati shopu yagulidwa ndi azungu, koma ataona nkhope za eni ake anasiya. Anakwera, nayamba kupala penti yakale. Tizidutswa take tinkagwera pamapewa a a Telala, amene anaima pansi atagwira makwererowo ndi dzanja lamanzere. Makwererowo anali okhazikika bwino, sankafunika wogwira, koma palibe anawauza kuti achoke. Nasingano anali m'kati akupalasa makina mwamphamvu, kuti asamve kulira kwa chitsulo pathabwa.

Dzina lakale litachoka, wolembayo anapaka penti yoyera, nadikira kuti iume. Kenako anaviika burashi m'chitini china, nafunsa kuti alembepo chiyani. A Telala analoza m'shopu ndi chibwano, nati afunse mwini wake. Wolembayo anawerama pamakwerero n'kufunsa kachiwiri mokweza. Makina anaima.

A Telala ndi amene anayankha. Sanatchule dzina la mumsewu lija. Anatchula dzina lenileni la mwana wawo, limene anamupatsa iwo eni tsiku lobadwa, lonse lathunthu, chilembo chimodzichimodzi, kuti wolembayo asalakwitse. Anadikira mpaka chilembo chomaliza chitalembedwa, nafunsa ngati mzere wawongoka, popeza iwo sankatha kuona bwino. Atauzidwa kuti wawongoka, anasansa penti pamapewa, natenga ndodo yawo. Analunjika kunyumba dzuwa lisanafike pamutu, ndipo kushopuko sanabwerenso.